Kamphira Kapserera, Kabenthuka kapena Kaperepeseka?

Abale anga, chaka chatha m'mwezi wa Julaye, mwera uli pachimake, ndinalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa mwana wa mlongo wanga amene amayendetsa boti la usodzi ku Senga Bay, m'boma la Salima. Unati: "Atsibweni, injini yapanga ovahiti, yafa. Tithandizeni ndalama tikaipangitse sevisi." Ndinauwerenga katatu, mtima n'kundiwawa pawiri. Poyamba chifukwa injiniyo ndiyo khasu la banja lonse, ndiyo imagula ufa ndi kulipirira ana sukulu. Kachiwiri chifukwa mwana amene anayamwa Chichewa chokoma cha amayi ake anandilembera mizere iwiri yathunthu osandiuza kanthu. Yafa bwanji? Yazima yokha kapena anachita kuizimitsa? Inkafuka utsi kapena nthunzi? Madzi ankatuluka kapena anali ataleka? Mafunso onsewa Chichewa chili ndi mawu oyankhira, akuthwa ngati lumo, koma iye anawakwirira onse pansi pa mneni mmodzi wotopa uja, "kupanga".

Patapita masiku awiri ndinali kugombe. Injiniyo, Yamaha ya 40 monga amaitchulira asodzi potsata mphamvu zake, inali itapachikidwa pa mtanda pansi pa mtengo wa mango, ndipo bambo wina wachikulire wokonza mainjini anali atamasula kale mabawuti a kumwendo. Zimene ndinamva kwa bambowo tsiku limenelo ndizo zandilembetsa nkhani ino, pakuti m'manja mwawo munali girisi koma m'kamwa mwawo munali Chichewa chimene ambiri a ife ophunzira tinachisiya panjira.

Tiyambe tadziwa chinthucho, popeza sitingatchule bwino chimene sitikuchidziwa. Galimoto imayenda ndi madzi akeake m'rediyeta, omwewo kumangozungulira. Injini yopachika kumbuyo kwa boti ilibe rediyeta: imamwa nyanja yomwe ikuyendamoyo. Kumunsi kwa mwendo wake kuli timabowo tokhala ngati sefa tolowera madzi. Pampu yokhala pamwamba pa giyabokosi imawakoka, imawakweza m'kapaipi mpaka kumutu kwa injini, kumene amayenda m'tinjira tozinga masilinda, n'kutenga kutentha, n'kubwerera m'nyanja pamodzi ndi utsi. Ochepa okha amapatukira pa kabowo ka m'mbali n'kumatuluka moonda ngati ulusi, kuti woyendetsa aziona ndi maso ake kuti pampu ikugwira ntchito. Anyamata a kugombe kuja amati injini ikukodza. Mawuwo si a pabwalo la mfumu, koma ndi athu, ndipo amajambula chinthucho moti ngakhale mwana amva.

Mwini ntchito m'pampumo ndi kanthu kokwana m'dzanja, kamphira kokhala ndi zipsepse kuzungulira, kawirikawiri 6 pa mainjini opachikawa. Amakanika amati impela. Kamakhala m'kachikho kachitsulo, koma osati pakati penipeni: mbali ina n'kothina, mbali ina n'kotakasuka. Shafiti ikamazungulira, chipsepse chikafika kotakasuka chimatambasuka n'kuyamwa madzi, chikafika kothina chimapindika n'kuwafinya kuti akwere. Basi, nzeru yonse ndi imeneyo. Ndipo pano tikonzeretu cholakwa choyamba, chifukwa ndamvapo anthu akusinthanitsa impela ndi pulopela ngati ndi mapasa. Pulopela ndi yachitsulo, ili kunja, imakankha boti. Impela ndi yamphira, ili m'kati, imakankha madzi. Ine ndimakonda kunena kuti kamphira ka m'pampu, chifukwa dzinali likunena kale chimene kanapangidwira ndi kumene kamakhala, ndipo palibe angakusokoneze nalo.

Bambo aja atavundukula kachikho, anakatulutsa kamphirako, anakatembenuza padzuwa, anakanunkhiza, kenaka anamuyang'ana mnyamatayo nati: "Mwanawe, aka sikanafe ayi. Kapserera." Ndinakatenga m'manja. Nsonga za zipsepse zinali zouma gwa, zonyezimira ngati nkhoko za pansi pa mphika, fungo lake la tayala lootchedwa. Zipsepse ziwiri panalibe.

Kapserera. Taonani mmene liwu limodzi likuulula mlandu wonse. Chinthu chimapserera pamene madzi aphwa koma moto ukadalipo. Amayi aliyense wophika nyemba akudziwa. Kamphira aka madzi amene kamapopa ndiwonso amakatereretsa ndi kukaziziritsa, choncho kakazungulira pouma kamakhulana ndi chitsulo, ndipo mphindi imodzi siikwana kasanaonongeke. Wonena kuti "kapserera" wanena kale kuti injini inalizidwa kunja kwa madzi, kapena timabowo tolowera madzi tinatsekeka ndi jumbo, udzu kapena namasupuni. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, koma aliyense woyenda m'mbali mwa nyanja amawaonabe akuyandama, ndipo limodzi lokha likamata pamwendo wa injini lakwana. Mnyamata wathu anaweramitsa mutu naulula kuti dzulo la tsiku la ngoziyo anailiza injini pamtunda, ati kungomva ngati ikulira bwino. Akanalemba kuti "kamphira kapserera", bwenzi ndili ku Lilongwe komweko nditadziwa kale chochitika. Analemba kuti "yafa", ndipo imfa ilibe mtundu.

Tsono bambo aja anali ndi chitini chodzaza timphira takale, ndipo ataona kuti ndili ndi chidwi anakhuthula pamphasa. Kalikonse anakatchula ndi mneni wakewake, ndipo mneni uliwonse unali ndi chala choloza wolakwa.

"Aka kaperepeseka." Zipsepse zake zinali zonse, koma zafupika, nsonga zitadyeka mosalala ngati chidendene cha nsapato yakale. Kuperepeseka ndi kutha pang'onopang'ono chifukwa chokhulika, ndipo wokhula ndi mchenga. Gombe la Senga Bay ndi lamchenga, ndipo woyendetsa amene amalowa nayo injini ikulira mpaka boti kukhudza pansi amaimwetsa mchenga tsiku ndi tsiku. Mankhwala ake ndi kuzimitsa madzi asanachepe, kutukula injini, n'kumalizitsa ndi nkhafi monga ankachitira makolo. Ndipo wonena kuti kaperepeseka ayenera kudziwa kuti mchenga sudya kamphira kokha: umakumbanso tingalande m'kachikho ndi pa kambale kachitsulo ka pansi pake. Mukayendetsapo chala chikhadabo n'kukodwa, sinthani zonse pamodzi, apo ayi kamphira katsopano kakaperepeseka msanga kuposa kakale.

"Aka kapindika n'kuumira pomwepo." Zipsepse za mbali imodzi zinali zogona ngati udzu wopondedwa ndi ng'ombe, osadzukanso. Apa wolakwa si mchenga, si moto, koma kukhalitsa. Injini ikaima miyezi, monga m'nyengo imene makoka ena amaletsedwa kuti nsomba ziswane, zipsepse zimene zinaimira kothina kuja zimazolowera kupindika. Mukailiza madzi atuluka ndithu, koma mofooka.

"Aka kafufuma." Sanati katupa, ngakhale mawu awiriwa ndi pachibale, chifukwa kutupa n'kwa thupi lopweteka pamene kufufuma n'kwa chinthu chimene chamwa china n'kukula, ngati mtanda wa mandasi. Mtundu wa mphira wotchedwa neoprene, umene timphira tambiri timapangidwira, sugwirizana ndi oyilo, dizilo kapena girisi wamba. Wa nitrile ndiwo umapirira mafuta. Wina anakapaka girisi pokalowetsa poganiza kuti akukachitira chifundo. Madzi a sopo wotsukira mbale akanakwana.

Kenaka panali kena kooneka kabwinobwino, kopanda banga. Ndinafunsa kuti nanga aka kalakwanji. Anagwira kachitsulo ka pakati n'kukazunguza ndi chala, ndipo kanazungulira kokha, zipsepse zili duu. "Kakhwefuka," anatero. Mphira ndi chitsulo zinalekana, shafiti imazungulira koma madzi osakwera. Wongoyang'ana sangaone, ayenera kugwira. N'chifukwa chake "kuchita cheki" sikundikwanira. Cheki wake uti? Kusuzumira ndi kwina, kuyang'anitsitsa ndi kwina, kukhudza, kutembenuza, kununkhiza, kupinda chipsepse chilichonse ndi chala chachikulu kuti muone ngati patsinde pang'aluka, zonsezi ndi ntchito zosiyana, ndipo wotumidwa ndi liwu losongoka amabwera ndi yankho losongoka.

Koma pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa mawu a kuthyoka ndi abale ake, chifukwa apa ndi pamene Chichewa chathu chili ndi nkhokwe yosefukira, ife n'kumagona ndi njala. Ndodo imathyoka. Chingwe chimaduka. Nsalu imang'ambika. Mbiya imasweka. Nkhuni imang'aluka. Chigumu chimanyenyeka. Dzino, mbale yadothi ndi mpeni zimabenthuka. Lero zonsezi tazipanikiza m'thumba limodzi lolembedwa kuti "chaonongeka", ndipo ena apitirira mpaka pa "chapanga dameji". Abale anga, uku si kufewetsa chinenero, uku ndi kuchigulula mano.

Pa kamphira kathu, kusiyana kwa mawuwa ndi kusiyana kwa injini yochira ndi injini yobwereranso pamtanda sabata yamawa. Kakang'aluka patsinde pa zipsepse, kakalamba, koma zonse zikadalipo: chotsani, ikani kena, nkhani yatha. Kakabenthuka kapena kunyenyeka, nkhani siinathe, chifukwa chobenthuka chimasiya chibenthu, ndipo mneni womwewo ukukufunsani kuti chibenthucho chili kuti. Sichinasungunuke. Chinakwera ndi madzi, chili m'kapaipi, kapena chakakamira pa themositati (kachipangizo kotsegulira madzi njira injini ikatentha), kapena chatsamira m'kanjira kena kumutu kwa injini, kudikira tsiku loti chitseke madzi boti lili pakati pa nyanja. Bambo aja anawerenga zipsepse zotsala, napeza 4, nati: "Ziwiri zili ndi ngongole yathu." Sanatseke injini mpaka atazipeza. China anachitulutsa m'kapaipi, china anakachipeza atamasula chivundikiro cha themositati, naziika padzanja pa mnyamata uja, nalumikiza ndi kamphira kaja kuti aone ngati palibe kachidutswa kena kotsala. Munthu amene m'mutu mwake muli liwu loti "kabenthuka" amafunafuna. Amene muli loti "kafa" amataya n'kuika kena, mtima uli m'malo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma udekha bwanji pofuna chinthu chimene lilime lako silinakuuze kuti chilipo?

Tichoke pa kamphira, tifike pa madzi enieniwo. Pali mawu achingerezi a m'mabuku a mainjini amene ndamva wophunzira wina akuwatembenuza kuti "madzi aawisi". Makutu anga anakana. Chiwisi ndi nyama, ndi chimanga cha mondokwa, ndi nkhuni yofuka, ndi tsamba. Madzi kwathu kuno amakhala ozizira, ofunda, otentha, owira, ophitsa kapena osaphitsa, oyera kapena amatope, koma sakhala aawisi. Chimene mabukuwo akutanthauza ndi madzi otungidwa pompo pamene boti likuyandama. Tinene kuti madzi a m'nyanja, kapena a mumtsinje ngati tili pa Shire, kapena madzi akunja tikafuna kuwasiyanitsa ndi a m'kati. Kusiyanitsaku n'kofunika pa maboti akuluakulu okhala ndi injini m'mimba, chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi madzi amitundu iwiri. A m'kati amazungulira m'injini osatuluka, monga a galimoto. Akunja amalowera pa valavu ya pansi pa boti, amadutsa m'sefa, amakankhidwa ndi kamphira, amayenda m'timapaipi tambirimbiri tokhudzana ndi madzi a m'kati aja n'kuwalanda kutentha popanda kusakanikirana nawo, kenaka amatuluka ndi utsi. Pa maboti otere zibenthu zija zimakonda kukaunjikana pakhomo pa timapaipito. Mukauza makanika kuti "madzi akuvuta", mwamuuza theka. Muuzeni ngati ndi a m'kati kapena akunja.

N'chimodzimodzi ndi "madzi afuleshi". Nyanja yathu ilibe mchere, ndiye timati madzi opanda mchere, ndipo ndi mwayi wathu, chifukwa anzathu oyendetsa maboti ku Beira ndi ku Nacala amayenera kutsukuluza mainjini awo kuti mchere usaume m'tinjira ndi kudya chitsulo. Ife adani athu ndi mchenga, matope, ndere ndi majumbo. Ndikumbutsenso pang'ono za malembedwe: ndi m'madzi, m'nyanja, m'boti, ndi kachizindikiro kaja kosonyeza kuti "mu" wafupikitsidwa. Ndipo bwato si boti, boti si sitima. Bwato ndi losema pamtengo, boti ndi lokhoma ndi matabwa kapena loumba ndi zipangizo zamakono, pamene Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay ndi kuyamba maulendo mu 1951, ndi sitima. Chinenero chino dzina lake lina ndi Chinyanja, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti pa zinthu za nyanja pomwepo ndi pamene tayamba kuchita chibwibwi.

Utsi ndi nthunzi nazo tazisokoneza. Mnyamata wathu anati injini "imasuta". Injini siisuta, wosuta ndi munthu ndi fodya wake; injini imafuka. Nanga inkafuka chiyani? Utsi umachokera ku chopsa, nthunzi imachokera ku madzi owira. Injini zosakaniza petulo ndi oyilo zimafuka kautsi kobiriwira masiku onse, makamaka m'mawa, ndipo palibe chodabwitsa. Koma mukaona choyera chikutuluka n'kuzimirira msanga m'mwamba ngati cha pa ketulo, imeneyo ndi nthunzi, ndipo ikunena kuti madzi olowa achepa moti otsalawo akuwira. Themositati ya injini zoterezi, pa zimene zili nayo, imatseguka kutentha kukafika cha m'ma digiri 50 mpaka 60, kutali ndi 100 pamene madzi amawira, choncho nthunzi ndi mfuu yakuti zinthu zapitirira malire. Zimitsani, tukulani mwendo, yang'anani timabowo. Ndipo mukatero musati mukudikira kuti injini "ipange kuulu". Chinthu chimene chinatentha chimazirala, kapena kupola monga phala. Kuziziritsa ndi ntchito imene madzi amachita pamene injini ikulira.

Kamtsinje ka m'mbali kaja nako kali ndi mawu ake. Madzi akhoza kutuluka mwamphamvu, akhoza kuchucha, akhoza kudontha, akhoza kudukizadukiza, akhoza kulekeratu. Kuchucha ndi kutsika motsatira thupi la chinthu, kudontha ndi kugwa limodzilimodzi. Akamadukizadukiza, mwina kamphira kafooka kapena pampu ikuyamwa mpweya. Akalekeratu koma injini osatentha, nthawi zina vuto ndi kabowo kokhako, katsekeka ndi mchenga kapena mavu amangamo nyumba yadothi, ndipo kachidutswa ka chingwe cha mbedza kamatsegula. Koma musayambe mwaganiza za mavu muli pakati pa nyanja, yambani mwazimitsa.

Pali msampha wina umene uli m'kalembedwe kathu, ndipo uwu si mlandu wa achinyamata okha. Nditamufunsa mnyamata uja pa foni ngati injini inali kutulutsa madzi, anandilembera kuti "imatulutsa". Pakamwa liwuli lili ndi matanthauzo awiri osiyanitsidwa ndi kakwezedwe ka mawu: kwina likunena chizolowezi cha masiku onse, kwina likunena zimene zinali kuchitika nthawi yapita. Khutu limamva kusiyanako, koma pepala ndi foni sizisonyeza. Ine ndinamva kuti masiku onse imatulutsa, iye ankatanthauza kuti inali kutulutsa kenaka inaleka. Polemba, tiyeni tigwiritse ntchito "inkatulutsa" pa zakale, "ikutulutsa" pa za tsopano lino, "imatulutsa" pa chizolowezi. Tizilembo titatu tokha, "nka", tikanandipulumutsa ku chisokonezo cha tsiku lathunthu.

Ndifikenso pa china chimene chimakhudza khalidwe, chifukwa chinenero ndi khalidwe n'zoyendera limodzi. Chichewa chimatipatsa njira ziwiri: "mbale yasweka" ndi "ndaswa mbale", "ndiwo zapserera" ndi "ndapsereza ndiwo", "injini yazima" ndi "ndazimitsa injini". Njira yoyamba si yolakwa. Ilipo kuti tinene zochitika zokha popanda dzanja la munthu, komanso kuti tisachititse mnzathu manyazi pagulu. Bambo aja anati "kapserera" pamaso pa anthu, ndipo kunali kumulemekeza mnyamatayo. Koma mnyamatayo poyankha anayenera kusankha yachiwiri, ndipo ndinakondwa pamene anati: "Bambo, ndakapsereza ndine." Kwa makanika, ngati kwa sing'anga, wobisala kumbuyo kwa "zangochitika" amalipira kawiri. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Musandimve molakwa, abale anga, ngati ndikuthamangitsa alendo. Injini, pampu, boti, sipanala, bawuti, shafiti, gasiketi: awa ndi alendo amene anabwera ndi katundu amene tinalibe, tinawapatsa malo, anavala zovala zathu, ndipo lero timati injini yanga, maboti athu, mabawuti awiri, mogwirizana bwino lomwe. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Amene ndikulimbana naye ndi mlendo wolowa m'nyumba muli kale mwini wake n'kumutulutsa. Kuliza injini tinali nako, "kupanga sitati" kwadzatani? Kusintha tinali nako, "kupanga chenji" kwadzatani? Kutsekeka, kutenthetsa, kumasula, kumanga, kutsuka, kukonza, zonsezi zilipo, zamoyo, zomveka kwa agogo ndi kwa mdzukulu. Kupanga ndi kwa mmisiri wotulutsa chinthu chimene panalibe: amapanga mpando, amapanga boti. Injini singapange kutentha monga mmisiri apangira mpando. Imangotentha, kapena kutenthetsa. Ndipo "sevisi" amene mnyamata wathu ankapempherayo ndi chinsalu chofunditsa ntchito zisanu: kusintha kamphira, kusintha oyilo wa m'giyabokosi, kutsuka mapulagi, kuchotsa zotsekereza m'timabowo, kupaka girisi pa shafiti. Wolipira ali ndi ufulu womva dzina la ntchito iliyonse imene akulipirira.

Chichewa chinakhala chinenero cha dziko mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Ife achikulire timakumbuka pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa pa wailesi ya MBC, mmene tinkakhalira chete kumvetsera liwu limodzi likusendedwa ngati nzimbe. Mabungwe otere ali ndi ntchito yawo ndipo ndimawalemekeza, koma sangafike pansi pa mtengo wa mango uliwonse pamene injini ikumasulidwa. Kumeneko mphunzitsi ndi makanika, ndi mwini boti, ndi atsibweni olandira uthenga pa foni. Mawu monga kuperepeseka ndi kukhwefuka ali m'mabuku otanthauzira mawu, inde, koma amapuma mpweya pokhapokha pamene munthu wagwira chinthu choperepeseka m'manja n'kuchitchula, mwana akumva. Ndikupempha aphunzitsi a m'sukulu za ntchito zamanja ndi alangizi a zausodzi kuti pophunzitsa za mainjini asamathawire ku Chingerezi pa mneni uliwonse. Dzina la chipangizo libwerekeni ngati palibe lathu, koma zimene chipangizocho chikuchita zineneni m'Chichewa.

Dzuwa litapendeka, bambo aja anayamba kubwezera. Anapukuta kambale, anaika gasiketi watsopano, anakhazika kakiyi kachitsulo pa shafiti, kaja kamene kamagwirizanitsa shafiti ndi kamphira, nachenjeza kuti kakagwera mumchenga ntchito yaima. Ananyowetsa kachikho ndi madzi a sopo, natsitsa pang'onopang'ono uku akuzunguza shafiti kumanja, mbali imene imazungulira injini ikamalira, kuti zipsepse zonse zigonere kumodzi. Sanati zipindike, anati zigonere, monga mapira agonera kumene mphepo ikupita. Pokweza mwendo anaonetsetsa kuti kapaipi kalowa pamalo pake, chifukwa kakaphonya, kamphira katsopano kamapopera madzi m'mimba mwa mwendo, mutu uli pouma. Anamulangiza mnyamatayo kuti azitsegula pampu chaka ndi chaka osadikira kuti ilire yokha, kuti m'boti muzikhala kamphira kapadera kokulungidwa bwino kobisika ku dzuwa, ndiponso kuti akafuna kuyesera injini pamtunda aziimiza mwendo mumgolo, madzi apitirire pamene pali pampu.

Anadzaza mgolo, anamiza mwendo, mnyamata anakoka chingwe. Kachiwiri injini inalira. Tonse maso anali pa kabowo kaja. Panadutsa kamphindi kotalika ngati chaka, kenaka kanalavula mpweya, kanadontha kawiri katatu, ndipo madzi anatumphuka mowongoka n'kukagwera pamchenga. Bambo aja anatchera dzanja, anawamva kufunda kwake, nafunsa: "Tsono atsibweni ako uwauza chiyani?"

Mnyamata anapukuta manja pa kabudula. "Ndiwauza kuti kamphira ndinakapsereza, kanabenthuka pawiri, zibenthu zonse tazipeza, ndipo tsopano madzi akutuluka mwamphamvu, ofunda, osatentha."

Kamphira kakale kaja ndinakapempha. Kali pa tebulo langa, ndi zibenthu zake ziwiri m'kabokosi ka machesi, ndipo adzukulu akabwera kudzacheza ndimawapatsa kuti akagwire, aliyense anene chimene chinakachitikira.